Mchere wa mu Rediyeta

Achimwene anga anabwera kuchokera ku Joni ndi zinthu ziwiri, chifuwa ndi njinga yamoto. Chifuwacho tinachiona mochedwa. Njingayo ndiye Ngabu yonse inaiona tsiku lomwelo, amuna asanu ndi mmodzi akuitsitsa pa lole, ine ndikukalipira aliyense amene ankaigwira pa galasi.

Sinali ngati njinga zimene tinazolowera kuno, za alangizi a thonje ndi za abusa, zoyenda ngati zikupepesa. Iyi inali ya mpikisano, ya ku Japani, yofiira ndi yoyera, yovala mapulasitiki thupi lonse, ya masilinda anayi ndi makabureta anayi. Wokwerapo ankachita kugona pa thanki. Achimwene akailiza, mbuzi zinkadula zingwe, ndipo anthu a kabaza ankasiya makasitomala pamsewu kudzaonerera. Zaka zonse zimene anakhala ku Joni sanamange nyumba ya malata, sanagule ng'ombe. Anagula njingayo basi, ndipo ankainyadira kuposa mwana wawo.

Ine nthawi imeneyo ndinali ndi shedi yanga m'mbali mwa msewu waukulu, pamene ndinkakonza njinga zamoto, mainjini a zigayo ndi mapampu a kudimba. Matipate anali atalowa zaka zingapo, aliyense akuyesa geni yake, ndipo ntchito inalipo. Sindinapite kusukulu ya umakaniko. Ndinaphunzira ndi maso ndi zala, ndipo dzina ndinali nalo kuyambira Nchalo mpaka Bangula. Ndinene poyera kuti ndinali wonyada, komanso wamtima wapachala. Munthu akandifunsa kawiri ngati ndamanga bwino nati, ndinkamupatsa sipanala kuti amange yekha.

Alamu anga, akazi a achimwenewo, anali Msena wa ku Mozambiki. Anawoloka ali kamtsikana pothawa nkhondo, nakulira ku Tengani. Nkhondo itatha abale awo onse anabwerera kwawo, iwo anatsala chifukwa anali atakwatiwa. Ife ndife Amang'anja, mwamuna ndiye amapita kuchikamwini, koma achimwene anatsata mwambo wa kwa mkazi, anapereka lobola, ndipo alamu anadzakhala pamudzi pathu. Zaka zonse za ku Joni zija ankalima mapira ndi amayi athu, amene sanawakonde n'kamodzi komwe. Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wa zaka zinayi pamene njinga inafika. Alamu sanali wolankhulalankhula. Ankagwira ntchito, ankaseka pang'ono, ndipo Chichewa chawo chinkapendekera ku Chisena akatopa.

Njinga ija sinapangidwire dziko lathu, ndipo kuisamala kunagwera ine. Sabata yoyamba yomwe pulasitiki yapansi inasweka pa chitunda cha kumsika, ndinaichotsa. Fumbi linatseka fyuluta ya mpweya, yatsopano kunalibe, ndinadula siponji ya matiresi n'kuinyika mu oyilo. Fani yake inkadikira injini itenthe kaye kuti iyambe kuzungulira, nzeru za anthu a kozizira, ndiye ndinailumikiza ku swichi kuti izizungulira nthawi zonse. Mashoko ndinawalimbitsa mpaka pomaliza. Makabureta anayi aja ndinkawachuna ndi khutu, limodzilimodzi, mpaka onse ayimbe nyimbo imodzi. Zonsezi zinkatheka, ndipo chilichonse chikatheka mutu wanga unkakula.

Chinthu chimodzi chokha chinali chachilendo kwa ine. Njinga zonse zimene ndinagwirapo zinkazizira ndi mphepo. Iyi inkazizira ndi madzi ngati galimoto. Kutsogolo kwake kunali rediyeta, kabokosi ka timapaipi topyapyala ta aluminiyamu, ndipo m'katimo munali madzi obiriwira amene anabwera nawo kuchokera ku Joni. Ndinkaganiza kuti kubiriwirako ndi zokongoletsa chabe.

Tsiku lina achimwene akuchokera ku Bangula, mwala unadumpha n'kuboola rediyetayo, madzi obiriwira onse anathera m'fumbi. Ndinamata bowolo ndi guluu wa zitsulo. Linagwira, koma linkachucha pang'onopang'ono, ndipo ndi dzuwa lathu la Okutobala madzi ankaphwa msanga. Panafunika munthu wowonjezera madzi m'mawa uliwonse. Achimwene anali atayamba kudzuka mochedwa, akutsokomola. Ine ndinkalawirira kushedi. Amene ankapita kumjigo tsiku lililonse anali alamu, choncho ndinawaitana n'kuwaonetsa chivundikiro.

“Alamu, m'mawa uliwonse injini isanalire muzitsegula apa, muzithira madzi mpaka afike pamzere uwu.”

“Madzi ake ati, alamu?”

“Madzi ndi madzi. Omwe mumatungawo.”

Anayang'ana ndowa imene inali pansi, kenako anandiyang'ana ine.

“A pamjigowa amadya ndowa, alamu. Onani poto wanga uja, pansi pake pabooka chaka chisanathe. Sangadyenso njingayi? Bwanji ndizisunga a mvula mumtsuko, kapena ndizikatunga kumtsinje?”

Panali anthu awiri a kabaza pafupi, ndipo mmodzi anaseka. Magazi anandikwera kumutu.

“Kodi makaniko ndine kapena ndinu? Njinga si poto. Chitani zimene ndakuuzani.”

Alamu anatenga kapu n'kuthira madzi mpaka pamzere.

Amene si wa kuchigwa kuno sangadziwe za madzi athu. Mijigo yambiri imatulutsa madzi a mchere. Timamwa chifukwa tilibe kuchitira mwina, ndipo tinawazolowera mpaka munthu atha kulawa n'kukuuza kuti awa ndi a mjigo wakuti. Wa kuseri kwa nyumba yathu unali woipitsitsa. Sopo sankachita thovu, tiyi ankamveka ngati msuzi. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana. Kungoti mawuwo anatuluka m'kamwa mwa mzimayi, pamaso pa anthu, ndipo ine sindikanalola.

Chaka chinatha, china chinafika pakati. M'mawa uliwonse alamu ankagwada pambali pa njinga ndi kapu yawo, amayi akuwaona ali pakhonde, anansi akuwaonanso podutsa. Achimwene ankakwera mwa apo ndi apo. Thupi linali kutha, mapazi anayamba kutupa, jekete lawo lachikopa linkawalendewera. Kuchipatala ankakana. Masiku amenewo mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kwathu, ndipo matenda aja palibe ankawatchula dzina. Amayi anali atayamba kale kunong'ona kuti mwana wawo watsemphedwa.

Tsiku lina masana, nyengo yogulitsa thonje, njinga inatulutsa utsi woyera pafupi ndi msika n'kuzima. Anaibweretsa pa ngolo. Nditasolola kachitsulo koyezera oyilo, oyiloyo anali ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti madzi alowa m'injini. M'mawa mwake ndinayala chiguduli pansi pa mtengo wa nimu pakhomo pathu n'kuyamba kumasula. Ndinachotsa thanki, makabureta, ekizozi, mpaka ndinafika pa hedi, chivundikiro chachikulu cha pamwamba pa masilinda. Ndinaitembenuza n'kuyang'ana mkati. Tinjira tonse ta madzi tinali titadzaza zoyerayera zouma. Chitsulo chinali chitadyeka ngati mtengo wolowa chiswe. Gasiketi, kachipepala komata pakati pa hedi ndi masilinda, inangonyenyeka m'manja. Pampu ya madzi inalibenso mapiko, ndipo rediyeta nditaigwedeza inkalira ngati muli mchenga.

Ndinapala zoyerazo ndi chikhadabo n'kuika palilime. Sindinafunikire wondiuza. Unali mjigo wa kuseri kwa nyumba yathu, kakomedwe kake komweko.

“Mchere!” ndinatero mokweza, osaganiza.

Amayi anali chapafupi akupeta mapira. Anaika lichero pansi, anabwera, nawonso anapala n'kulawa. Kenako anayang'ana kukhitchini kumene alamu ankatsuka mbale.

Kwathu kuno mchere si chinthu wamba. Akuluakulu amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina kenako n'kuthira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amadwala tsempho: amatsokomola, amatupa mapazi, amawonda mpaka kufa. Amayi anali ndi mwana wotsokomola, wotupa mapazi, wowonda. Anali ndi mpongozi amene anakhala zaka zambiri mwamuna ali kutali. Chimene ankasowa chinali umboni, ndipo tsopano unali m'manja mwawo, woyera, wolawika ndi lilime. Kwa iwo nkhani inali yachidule: mkazi amene wathira mchere m'njinga ya mwamuna wake kuti ife, ndi yemweyo wathira mchere m'ndiwo kuti mwini wake afe.

Patapita masiku atatu amalume anabwera, ndipo tinakhala pansi pa nimu pomwepo, zitsulo za njinga zili pachiguduli pakati pathu. Kumbali ya alamu kunalibe aliyense. Ankhoswe awo anali kutsidya la malire, ndipo palibe anavutika kuwatumira uthenga. Kunja kwa mpanda kunadzaza anthu, ena mwa iwo makasitomala anga. Achimwene anakhala pampando atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo, maso ali pansi.

Amalume anafunsa alamu ngati ankagwira njingayo.

“Ndinkagwira. M'mawa uliwonse.”

“Munkathiramo chiyani?”

“Madzi a pamjigo, amene alamu anandiuza. Mchere nkhabe, amalume. Sindinathirepo mchere ine.”

Amalume anatembenukira kwa ine.

“Iwe ndiye wodziwa zitsulo. Tiuze. Unawauza kuti azithira chiyani?”

Alamu anandiyang'ana. Sanali kupempha, ankangodikira, ngati munthu amene akudziwa kuti nkhani yatha chifukwa mboni yafika. Ine ndinayang'ana kumpanda. Ndinaona nkhope za anthu amene ankanditcha katswiri, ndinamva kale mmene adzasekere kumsika: makaniko wa pa Ngabu wapha njinga ya ku Joni ndi madzi a pamjigo, mzimayi atamuchenjeza.

“Ine ndinati madzi,” ndinatero. “Za mchere sindikuzidziwa.”

Mawu aliwonse paokha akanatha kupita ngati oona, koma ndinanama, ndipo ndinkadziwa kuti ndikunama. Amayi anaomba m'manja kamodzi. Amalume anagwedeza mutu. Za poto uja, za madzi a mvula, za “makaniko ndine kapena ndinu”, alamu sananene. Mpaka lero sindidziwa ngati anaona kuti palibe angawakhulupirire, kapena ankandipatsa mpata woti ndinene ndekha.

Achimwene sanatulutse liwu. Zimenezi zinanditengera zaka kuti ndizimvetse. Iwo ankadziwa chimene anabwera nacho kuchokera ku Joni, ankadziwa kuti si tsempho. Koma kufa ndi tsempho kunali kufa wolakwiridwa, pamene kufa ndi matenda enawo kunali kufa wolakwa. Amuna awiri a mimba imodzi tinabisala kumbuyo kwa mzimayi mmodzi wopanda abale, aliyense ndi manyazi ake.

Chigamulo chinali choti alamu abwerere kwawo. Mwana atsale, popeza lobola inaperekedwa. Mwambo umene amayi ankaunyoza zaka zonse kuti ndi wa Asena, tsiku limenelo anaugwira ndi manja awiri. M'mawa mwake alamu anadzaza mitsuko yonse ya m'nyumba, anasambitsa mwana, anamanga zovala zawo m'chitenje. Mwanayo amayi anamutsekera m'nyumba, ndipo kulira kwake kunkamveka mpaka kumsewu. Njira ya kudepoti inkadutsa pashedi yanga. Alamu anaima.

“Tsalani bwino, alamu.”

Ndinali nditagwada pa injini ya chigayo. Ndinapitiriza kumanga nati imene inali yomanga kale mpaka mapazi awo atachoka.

Ndinadziuza kuti ndikonza njinga kaye. Ikalira achimwene asangalala, mitima izizira, ndipo ine ndidzanena zoona pang'onopang'ono, alamu n'kukatengedwa. Ndi bodza limeneli ndinayamba kusaka zipangizo. Ndinakulunga hedi m'thumba la feteleza n'kukwera nayo mapiri kupita ku Blantyre. Ku Limbe, m'masitolo a zipangizo, ankangoiyang'ana n'kupukusa mutu. Ku Ndirande, kumene amati ukasowa chitsulo ndiye kuti sichinapangidwe, ndinafukula milu ya zitsulo masiku awiri. Bambo wina wowotcherera anayesa kudzaza mabowo, hedi inapindika ndi moto. Gasiketi ndinadula ndekha pa chipepala cha kopa, inapsa tsiku lomwelo. M'malo mwa rediyeta ndinamangirira kabokosi ka hita ya galimoto yakale, njinga inaoneka ngati yanyamula wailesi, ndipo madzi anawira isanafike n'kumsika komwe. Ndinatukwana, ndinaponya masipanala, ndinathamangitsa makasitomala osalakwa.

Achimwene sanafike nyengo ya mvula. Masana ena, atatsala mafupa okhaokha, anandiitana pamphasa pawo.

“Njinga ija uidzutse,” anatero. “Usaigulitse kwa a zitsulo zakutha.”

“Ndiidzutsa, achimwene. Nanga alamu?”

Anatembenukira kukhoma. Ndinadikira, sanatembenukenso, ndipo ine ndinapepukidwa kuti sanayankhe. Tinawaika patapita masiku asanu. Pamaliro anthu ankanong'onezana za mkazi wa ku Mozambiki amene anapha mwamuna ndi njinga yomwe.

Mwana uja anakulira m'manja mwa amayi ndi mwanga. Ankanditcha bambo aang'ono, koma kunena zoona womulera ngati bambo ake ndinali ine. Ndinkamugulira yunifomu, ndinkamunyamula pa handulo kupita naye kuchipatala akadwala malungo. Agogo ake anamuuza nkhani ya mchere asanayambe n'sukulu komwe, ndipo ankaibwereza. Anzake akayambana naye ankamunena kuti mwana wa mfiti. Tsiku lina ali ndi zaka zisanu ndi zitatu anandiuza yekha, nkhope ili gwa, kuti iye alibe mayi. Ndinamusisita kumutu n'kumupatsa bisiketi. Amayi athu anamwalira akukhulupirira zimene ankakhulupirira. Atapita ndinalibenso woopa, koma sindinanenebe, chifukwa tsopano ndinkaopa mwanayo.

Njinga inakhala kuseri kwa shedi yofunditsidwa lona, mavu akumanga zisa mu ekizozi. Kusaka sindinasiye. Dalaivala wina wa malole a ku Joni anandipezera hedi yakale patapita zaka zitatu. Pampu ya madzi inabwera ndi munthu wina chaka china, gasiketi yeniyeni chaka chinanso. Matayala anauma n'kung'ambika ali chiimire, ndinapeza ena ogwiritsidwapo kale ntchito. Chinatsala ndi rediyeta. Ya njinga ina iliyonse sinkakwana, pena mapaipi kutulukira kolakwika, pena kugunda tayala lakutsogolo.

Patatha zaka khumi chichokereni alamu, wogulitsa nsomba wina anandiuza kuti kutsidya la malire, kupitirira Marka, kuli njinga yofanana ndi yathu imene inachita ngozi, yatayidwa kuseri kwa chigayo. Atatchula malowo ndinawadziwa. Ndi komwe abale a alamu anabwerera nkhondo itatha. Zaka zonsezo ndinkadziwa kuti ali kumeneko, ulendo wa tsiku limodzi. Chifukwa cha iwo sindinapiteko n'kamodzi komwe. Chifukwa cha rediyeta ndinanyamuka m'mawa mwake.

Njingayo ndinaipeza, udzu utamera m'mawilo. Kutsogolo inali yophwanyika, koma rediyeta inangopindika pakona imodzi. Ndinaimasula, ndinaipopa ndi pakamwa nditatseka paipi ina ndi chala, sinkatulutsa mpweya. Ndinaimanga kumsana ndi malegeni n'kuyamba kubwerera kumsewu. Dzuwa linali paliwombo, kukhosi kuli gwa. Malowo ndi aang'ono, msika wake ndi mzere umodzi wa zisakasa, ndipo njira ina kunalibe. Pa chisakasa chachitatu mzimayi wina wokazinga mandasi anandiitana.

“Alamu.”

Anali atakalamba kuposa zaka zawo, tsitsi la m'mbali litayera, koma anali iwo. Anayang'ana chimene chinali kumsana kwanga, ndipo anachidziwa. Anachithirapo madzi chaka ndi theka.

“Muli tani, alamu? Khalani apa. Mwauma kukhosi.”

Ndinakhala pa benchi rediyeta ili kumsana. Anatunga madzi mumtsuko n'kundipatsa ndi manja awiri, monga ankachitira kwathu.

“Imwani. Awa ndi a kumtsinje, ndawiritsa. Sadya poto.”

Ndinamwa. Ndinawauza kuti achimwene anamwalira, amayinso anamwalira. Anati anamva kwa anthu a malonda. Anati iwonso anadwala mpaka anthu anataya mtima, koma mankhwala anafika nthawi yake, ndipo akumwa tsiku lililonse.

“Ndi matenda amene achimwene anu anandisiyira. Si tsempho, alamu. Madokotala anandiuza dzina lake.”

Ndinangoti eya.

“Mwana wanga ali tani?”

Ndinawauza kuti wakula, ndi wamtali ngati iwo, kusukulu amakhoza masamu.

“Amakhulupirira kuti ndinapha bambo ake?”

Ndinayang'ana m'kapu.

“Simunamuuze,” anatero. Sanakweze mawu. Anatembenuza mandasi m'mafuta, limodzilimodzi. “Tsiku lija ndinadikira kuti munene. M'basi ndinkadikirabe, ndinkati mwina anditsatira panjinga. Ine kubwerera sindibwerera, kulibe changa kumeneko. Kupepesa kwanu sindikufuna. Chimodzi chokha, alamu. Mukamuuze mwana wanga amene anati ndizithira madzi aja.”

“Ndikamuuza.”

“Takhuta,” anatero, kumene kuli kuthokoza m'Chisena, ndipo anandikulungira mandasi anayi kuti ndikamupatse mwanayo. Mandasiwo ndinamupatsa. Ndinati ndagula ku Bangula.

Miyezi itatu inatha ndikumanga njinga pang'onopang'ono kuposa mmene ndinamangirapo chilichonse. Ndinkadziuza kuti ikalira ndidzanena. Ndinawongola kona ya rediyeta ndi kathabwa, ndinatsuka makabureta kawiri, ndinamanga mabawuti a hedi motsatana bwino, kuyambira pakati kupita kunja. Ndinaitanitsa madzi obiriwira enieni kuchokera ku Blantyre, chifukwa tsopano ndinali nditadziwa kuti kubiriwira kuja ndi mankhwala oteteza chitsulo. Loweruka lina m'mawa ndinakankhira njinga pansi pa nimu pakhomo, ndinatsegula chivundikiro cha rediyeta n'kuyamba kuthira. Botolo linatha madzi asanafike pamzere. Ndinaima ndikukanda mutu.

Mwana uja anali akuchokera kumjigo. Anatula ndowa pambali panga, akumwetulira, chifukwa njinga ya bambo ake anali asanaimvepo ikulira chikulireni.

“Aperewera? Dikirani ndiwonjezere, bambo aang'ono.”

Anatunga ndi kapu n'kuwerama. Sindinaganize. Ndinamenya kapuyo inagwera kutali, madzi kumwazikira pa diresi lake.

“Wapenga? Madzi a pamjigo mu injini? Ali ndi mchere amenewo! Ndi omwe anapha njingayi poyamba!”

Mtima wapachala womwe unandinamitsa ndi umene unandiululitsa. Mawu anali atatuluka, ndipo mwanayo sanali wopusa. Anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana ndowa, anayang'ana njinga.

“Mchere unali wa m'madzi?”

“Eya.”

“Amayi ankathira madzi ati?”

“Omwewa.”

“Ankadziwa kuti amawononga?”

“Anandichenjeza. Anati asunge a mvula. Ine ndinawakalipira.”

“Ndiye anawauza kuti azithira ndani?”

“Ine.”

“Pamlandu paja munalipo?”

“Ndinalipo.”

Sanalire, sanatukwane. Bola akanatukwana. Anakatola kapu ija, anaitsuka, anaiika m'ndowa, anasenza n'kulowa m'nyumba. Ndinamutsatira mpaka pakhomo n'kumuuza zonse, za mandasi, za mudzi wa kupitirira Marka, za chisakasa chachitatu. Ankamvetsera akupinda zovala zake. Lolemba m'mawa anakwera basi ya ku Nsanje. Ndinafuna kumuperekeza, anati njira aifunsa.

Njinga inalira sabata yomweyo, masilinda onse anayi, bwinobwino monga tsiku limene inatsika pa lole. Anthu a kabaza anabwera kudzaonerera, ena anaomba m'manja, wina anati palibe makaniko ngati ine m'chigwa chonse. Ndinaisiya ikulira mpaka fani itazungulira, kenako ndinaizimitsa n'kuifunditsa lona. Ilipobe kuseri kwa shedi. Mwezi uliwonse ndimailiza pang'ono kuti isachite dzimbiri, koma kukwera sindinaikwerepo.

Mwana uja anawapeza amayi ake ali moyo, ndipo anakhala nawo zaka zisanu ndi chimodzi mpaka anawaika yekha m'manda. Pano ndi mayi wa ana awiri, amachita geni ya nsomba zouma, ndipo masiku a msika amafika pa Ngabu. Njira ya kudepoti idakali yodutsa pashedi yanga. Salambalala, sathamangitsa mapazi. Amaima mwaulemu monga anaphunzitsidwira, dengu lili pamutu, ana ake ali kumbuyo, n'kundipatsa moni.

“Muli bwanji, a makaniko?”

Ndimayankha kuti ndili bwino, kaya iwo. Ana aja amandiyang'ana ngati mmene amayang'anira munthu wina aliyense wa pamsewu, kenako amapitirira.